Kompyuta Yosaloledwa Kufa

Ku Sankarankovil mukafunsa munthu wolemba makalata a madandaulo opita ku boma, aliyense wa imvi akulozerani kwa a Madasamy. Achinyamata akulozerani kutsidya kwa msewu, kwa atsikana awiri amene amatayipa uku akutafuna chingamu, koma za iwowo tisataye nazo nthawi. Shopu ya a Madasamy inali pakati pa wogulitsa tiyi ndi wosema zidindo, ndipo kuchepa kwake munthu akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. M'katimo munali tebulo, mipando iwiri, pulinta, ndi kompyuta ya zaka khumi ndi zinayi.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata wopanda ndevu, pa taipilaita, pansi pa mtengo wa bwemba kunja kwa ofesi ya boma. Anthu ankabwera ndi mavuto awo osaumbika: munda umene malire ake asuntha, penshoni imene yaima, mpopi wa m'mudzi umene wauma chaka chathunthu. Iwo ankamvetsera atatsinzina, mwini nkhani n'kulankhula mpaka malovu kuuma, kenako zala zinkayamba kuthamanga, ndipo patsambapo pankatuluka mawu amene bwana angawerenge osakwiya. Sankayang'ana pamene zala zikugunda. Ankati zala zawo zimadziwa njira zokha, ndipo munthu woyang'ana mabatani potayipa ankamuona ngati mwana wodya ndi manja onse awiri. Kunyada kunalipo, tisabise, koma kunali ndi pogwira. Mtengo wa bwemba utadulidwa kuti msewu ukule, anapeza kashopu kaja n'kugula kompyuta, ndipo pasanathe mwezi anali ataizolowera.

Akazi awo, mayi Gomathi, anapita ku mzinda wa Chennai pamene mwana wawo wamkazi Thangam anachira, ati kukathandiza miyezi itatu. Miyezi itatuyo inabala zaka zinayi. A Madasamy anatsala okha, m'mawa timikate ta mpunga totchedwa idli ta ku hotela, masana mpunga wa ku hotela, madzulo nthochi ziwiri. Lamlungu lililonse Thangam ankaimba foni, ndipo nkhani inali yomweyomweyo: ababa tsekani shopu, ababa chipinda chilipo, ababa mukadzagwa m'bafa adzakudzutsani ndani. Tsiku lina atatopa nazo, a Madasamy anamenya pamwamba pa kompyuta ndi chikhatho.

"Chabwino, mama. Tsiku limene makina awa adzafe, ndidzakiya pano n'kukwera basi. Koma akadali ndi moyo, usandivutitsenso."

Thangam, mwana wochenjera, anawauza kuti abwereze mawuwo amayi ake akumva. Anabwereza. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Iwo mlomowo anausiya dala, poganiza kuti chitsulo sichifa msanga.

Kwa zaka ziwiri lonjezolo linawasunga bwino. Koma kompyuta inali kukalamba. M'mawa ankaiyatsa, n'kupita kukamwa tiyi, n'kumva nkhani za m'tauni, pobwera n'kuipeza ikudzukabe. Akatayipa mzere, sikirini inkakhala duu, kenako zilembo zonse n'kubwera nthawi imodzi ngati mbuzi zotuluka m'khola. Makasitomala anazolowera. Kalata ikachedwa, a Madasamy ankaloza bokosi lija n'kunena kuti makina akuganiza, ndipo anthu ankaseka n'kudikira. Ndiye chaka chimenecho, dzuwa litayamba kuwawa, kompyuta inayamba kuzima yokha masana aliwonse, pakati pa kalata, popanda kutsanzika. Sabata yomweyo Thangam anaimba kunena kuti iye ndi amayi ake akubwera pa Ayudha Puja, tsiku limene aliyense amapukuta zipangizo za ntchito yake, kuziveka maluwa, n'kuzipumitsa. Kunatsala masiku khumi ndi awiri.

A Madasamy anachita mantha enieni. Chennai ankamudziwa: nyumba ya m'mwamba, mazenera a zitsulo, munthu wopanda womupatsa moni, kukhala pa sofa kudikira kuti mdzukulu aweruke. Kugula kompyuta yatsopano sikunatheke. M'chitini chawo chosungiramo ndalama munali marupi zikwi zisanu ndi chimodzi, pamene yatsopano inkafuna zitini zisanu zotero. Ndipo ngakhale ndalama zikanakhalapo, kugula yatsopano kukanakhala kuvomera kuti yakale yafa, pamene iwo sanali munthu wothawa mawu ake. Njira inali imodzi basi, kuti yomweyi ichire. Anaikulunga m'thaulo, n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga yawo yamoto, ulendo kwa a Maideen.

A Maideen anali Msilamu wa ku Kadayanallur amene anayamba ndi mawailesi, n'kupita ku ma TV, ndipo tsopano ankakonza chilichonse chokhala ndi waya. Kachipinda kawo kanali pamwamba pa sitolo ya nsalu, kodzaza ndi makompyuta akufa otayidwa ndi mabanki ndi masukulu, osanjikizana mpaka kudenga. Sankataya kanthu, ngakhale kasikuluwu. Awiriwa ankaitanana kuti alamu, monga amachitira Asilamu ndi Ahindu a kuno, ngakhale panalibe mlongo wa munthu amene anakwatiwa kwa mnzake, ndipo chilamucho chinkawapatsa ufulu wonyozana.

A Maideen anachotsa thaulo, n'kuyang'ana kutsogolo kwa bokosi, n'kuvala magalasi, n'kuyang'ananso. Pamene panayenera kukhala timabowo tolowera mphepo panali chikhungwa chachikasu cha madontho ofiira, cholimba ngati simenti. Anachigogoda ndi chikhadabo n'kufunsa kuti chimenechi n'chiyani. A Madasamy anayankha modabwa kuti ndi phala la mtengo wonunkhira wa sandali ndi ufa wofiira, zimene munthu aliyense wolemekeza ntchito yake amapaka pa chipangizo tsiku la Puja. Chaka chilichonse ankapaka pamwamba pa zakale, chifukwa ndani amafufuta dalitso? Ndipo anasankha pa timabowo chifukwa ndi pamene phala linkagwira bwino osagwa.

A Maideen anaseka mpaka kutsokomola, n'kukhala pansi, n'kusekanso.

"Alamu, makina anuwa sakufa ndi ukalamba ayi. Akufa ndi ulemu. Mwakhala mukuwatseka mphuno zaka khumi ndi zinayi."

A Madasamy sanaseke. Anati munthu amene sanavekepo sikuludilaiva yake duwa ngakhale limodzi sangamvetse zinthu zimenezi. A Maideen anati n'chifukwa chake sikuludilaiva yawo ikupumabe bwino. Atatenga chitsulo kuti apale chikhungwacho, a Madasamy anawagwira dzanja. Anapempha madzi ofunda ndi mswachi wotha, n'kukhala pakhomo ola lathunthu akufewetsa ndi kuchotsa okha, bowo limodzilimodzi. Zotsalazo anazikulunga m'pepala, ndipo pobwerera anakazithira patsinde pa mtengo wa ku kachisi.

Kutsegula mphuno kunathetsa kuzima, koma osati kuchedwa. A Maideen atatsegula bokosi anapeza fumbi lokwanira kudzalamo mpiru, ndi fani imene inkazungulira ngati ikuchitira munthu chifundo. Anati njira yachidule ndi kuchotsa zonse za m'kati, kuika za kompyuta ina ya ku banki imene inali pa shelefu, n'kutseka bokosi. Thangam angadziwe bwanji? A Madasamy anafunsa kuti pa zonsezi, chimene chili kompyuta yeniyeniyo n'chiti. A Maideen anakanda ndevu, n'kuloza bolodi lobiriwira limene zinthu zonse zimalumikizidwapo. Anati zinazo zili ngati mano ndi magalasi, munthu amasintha n'kukhalabe yemweyo, koma kusintha bolodi n'kuveka mlendo malaya a malemu.

"Ndiye limenelo musalikhudze," anatero a Madasamy.

"Ndi limene lili lovuta, alamu."

"Likanakhala losavuta ndikanapita kwa amisiri enieni."

Ntchito inatenga masiku anayi, ndipo a Madasamy ankabwera madzulo aliwonse akaweruka kudzaima pambali ngati wodwazika. Pa bolodi panali tizitini tiwiri totupa, ndipo a Maideen anatizula ndi chitsulo chamoto n'kuikapo tina tochokera mu TV yakufa. Fani inachokera ku kompyuta ya ku banki. Memole, imene imathandiza makina kukumbukira, anayesa itatu kuchokera m'chitini cha mabisiketi, bolodi lokalambalo n'kukana iwiri, n'kulandira yachitatu. Purosesa, kachitsulo kakang'ono kamene kamaganiza, anaitanitsa yogwiritsidwapo kale kwa mphwawo wa ku Chennai, ndipo inabwera pa basi itakulungidwa m'nyuzipepala ngati nsomba. Poiika, a Maideen anapakapo kaphala kotuwa kochepetsa kutentha, n'kunena kuti nawonso ali ndi phala lawo, kungoti lawolo limalowa m'kati ndipo limagwira ntchito. Chatsopano chenicheni chinali chimodzi chokha, diski yaing'ono yopanda injini, yopepuka ngati bokosi la machesi. Diski yakale a Madasamy anakana kuti ichoke, choncho inatsala momwemo ngati nkhokwe ya makalata onse a zaka khumi ndi zinayi. Bokosi, sikirini, ndi kiyibodi yofufutika zilembo zinakhala zomwezo. M'chitini munatsala ndalama za tiyi.

Loweruka anaibweretsa ku shopu. Anadina batani n'kutembenuka kuti apite kukamwa tiyi monga mwa masiku onse, koma asanafike pakhomo inali itadzuka kale. Anaima n'kumaiyang'ana. Anakondwa kwambiri, moti anagulira tiyi wosema zidindo, munthu amene sankamukonda. A Maideen nawo nkhaniyo anaifalitsa msewu wonse, kuti aukitsa makina amene amisiri a ku Madurai akanawataya, ndipo aliyense wokayika apite akaone kwa alamu awo.

Lolemba ndilo tsiku limene boma limalandira madandaulo, ndipo pofika naini koloko anthu asanu anali atakhala pa benchi. A Madasamy anatsinzina, kumvetsera woyamba, n'kuyamba kutayipa. Chilembo chilichonse chinkaoneka nthawi yomweyo chala chikangogunda. Ndiye anaona chinthu chimene anali asanachionepo. Pakati pa mawu ndi mawu, kamzere kaja ka pa sikirini kankaima n'kumaphethira, kudikira. Kale ankadikira ndi iwo. Tsopano ankadikiridwa. Zilembo zina zinkasinthana malo, chakumbuyo kubwera patsogolo, ndipo ankabwerera kukakonza kawiri katatu pa mzere umodzi. Kale zilembo zikabwera zonse pamodzi zili zosokonekera, ankati ndi makina asokoneza. Kalata yoyamba inatenga theka la ola, chimodzimodzi ndi kale. Munthu wina pa benchi anafunsa mwanthabwala ngati makina akuganizabe, ndipo a Madasamy anangoitana wotsatira.

Wachitatu anali mayi Pechiammal, wamasiye wa ku mudzi wa kuseri kwa dziwe, amene sankadziwa kuwerenga. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankabwera Lolemba loyamba la mwezi ndi nkhani imodzi, yoti kamunda ka malemu amuna awo kalembedwe m'dzina lawo. Ulendo uliwonse kalata inkabwezedwa ndi mawu oti zolembedwa sizikugwirizana, ndipo ulendo uliwonse a Madasamy ankapukusa mutu n'kunena kuti anthu a m'maofesi alibe chisoni. Mayiwo ankakwera mabasi awiri, n'kutaya ganyu ya tsiku lonse. Anatulutsa pepala lawo lachikasu m'kathumba ka pulasitiki n'kuliika pa tebulo ndi manja awiri.

Kale kompyuta inkatsegula kalata imodzi yokha, ukaonjeza yachiwiri inkakomoka. Tsikulo a Madasamy, pofuna kuona mphamvu za makina awo, anatsegula makalata onse asanu ndi atatu a mayiwo n'kuwayala pa sikirini. Pa pepala lachikasu nambala ya munda inali 418. Mu kalata yoyamba munalembedwa 481. Yachiwiri chimodzimodzi, chifukwa mwezi uliwonse ankangotenga kalata yakale n'kusintha tsiku. Onse asanu ndi atatu.

Anatsegula tsamba loyera n'kutayipa nambalayo osayang'ana, monga ankachitira moyo wawo wonse. Inatuluka 481. Anabwereza, inatulukanso 481. Kachitatu anayang'ana manja awo, chinthu chimene ankanyoza nacho ena, ndipo anaona. Kachala kakang'ono ka kumanzere, kamene kamagunda wani, kankanyamuka mochedwa, mwaulesi, ndipo dzanja lamanja linkafika pa eyiti kachalako kasanatsike. Kiyibodi inalibe mlandu. Makina analibe mlandu, ngakhale anthu a mu ofesi aja. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ichi chinabwera kalekale n'kubisala kuseri kwa kompyuta yochedwa.

Anakonza nambalayo ndi chala chimodzi, akuyang'ana. Anawerenga kalata yonse katatu, chala pa pepala. Mayi Pechiammal atatambasula ndalama, anawabwezera. Anauza otsala pa benchi kuti awoloke msewu apite kwa atsikana aja, n'kukiya shopu masanasana, n'kuperekeza mayiwo mpaka pa windo la kalaliki. Pamenepo, pamaso pa mzere wonse, ananena kuti zolakwa za miyezi yonseyi zinali zawo, osati za mayiwa. Kalaliki anafananitsa manambala, n'kudinda, n'kulandira. Panja mayi Pechiammal anawathokoza kwambiri, osamvetsa bwino chimene chachitika, ati lero Mulungu wafewetsa mitima ya akuluakulu. A Madasamy anayesa kuwafotokozera kawiri, koma mayiwo ankangothokoza, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa kutukwanidwa.

Masiku otsatirawo sanalembe kalata ya munthu. Ankafika m'mawa, kutseka chitseko theka, n'kumatsegula makalata akale a zaka ziwiri, kufananitsa manambala pamene akanatha. Anapezamo ena anayi. Awiri eni ake anawapeza n'kuwalembera atsopano. Mmodzi anali atasamuka. Wina anali atamwalira. Sanauze munthu aliyense, ndipo a Maideen atadutsa kudzafunsa mmene wodwala wawo akupezera, anangoti akuthamanga ngati mwana.

Tsiku la Puja linacha ndi fungo la lubani msewu wonse. Oyendetsa mabasi anamanga mitengo ya nthochi kutsogolo kwa mabasi awo, wa tiyi anaveka ketulo yake maluwa, wosema zidindo anayala timipeni take pa nsalu yofiira. A Madasamy anasesa, n'kupukuta tebulo, pulinta, sikirini ndi bokosi, n'kuzengereza pa kiyibodi, kupukuta batani limodzilimodzi. Anazula waya wa magetsi, pakuti tsiku limeneli chipangizo sichiyatsidwa, chimapuma mpaka mawa lake. Anaveka kompyuta nkhata ya maluwa achikasu, n'kuika patsogolo pake nthochi, kokonati ndi thumba la mpunga wokazinga wosakaniza ndi shuga wofiira, wogawira odutsa.

Thangam ndi amayi ake anafika cha m'ma leveni kuchokera ku siteshoni, zikwama zili m'manja. Mayi Gomathi anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti awonda ngati ndodo, ndipo hotelayo iyenera kutsekedwa. Thangam anagwada kukhudza mapazi a bambo ake, kenako anayang'ana kompyuta ili m'maluwa. Anali atakonzekera mkangano njira yonse, ndipo zinkaoneka pankhope. Anafunsa mwaulemu wokhala ndi minga kuti kaya agogo awa akadali moyo.

A Madasamy anali ndi yankho loona, limene analilipira ndi chitini chonse. Mawa lake akanadina batani, mwana wawo n'kuona ndi maso ake, n'kubwerera ku Chennai wopanda chonena kwa zaka zina zisanu. Koma kunena zoona zonse kukanafuna kuti atambasule dzanja lamanzere pamaso pa mkazi ndi mwana, n'kunena kuti zala zimene zinaphunzitsa mwanayo sukulu zayamba kupweteka anthu. Zimenezo sakanatha.

"Yafa, mama," anatero. "Inazima sabata yatha. Ndangoiveka maluwa kuti ndiithokoze."

Thangam anadikira mawu amenewa zaka ziwiri, koma atabwera sanamusangalatse, ndipo maso ake anadzaza misozi. Anayamba kuwatonthoza, kuti inali yakale, kuti yagwira ntchito yake, kuti si vuto lawo. Mayi Gomathi anangokhala pa mpando wa makasitomala n'kumawayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

Nthawi yomweyo a Maideen anatulukira pakhomo, kudzalandira gawo lawo la mpunga wokazinga, nkhope ili ngwee, nthabwala ili kale pamilomo. Thangam anawapatsa moni n'kufunsa kuti, "Amalume, n'zoona kuti singakonzekenso? Inuyo munaiona?"

A Maideen anayang'ana kompyuta, n'kuyang'ana alamu awo. A Madasamy anali atawerama, akuthira mpunga m'kapepala, ndipo sanadzutse mutu. Kunja kunali msewu wonse umene a Maideen anauuza kuti aukitsa wakufa, ndipo ankadziwa kuti pofika mawa wa tiyi adzakhala akuwaseka, wosema zidindo n'kumawonjezera zake. Sankadziwa chifukwa chake mnzawo wanena zimenezi. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Ndinayesetsa, mama," anatero. "Zinandikanika. Ndakalamba nanenso."

Analandira kapepala ka mpunga ndi manja awiri, n'kukhala pang'ono pa benchi akudya, osanyoza munthu. Thangam anatuluka panja kukaimba foni yofunsa za matikiti, ndipo anapeza atatu a basi ya Lachinayi.